Nkhuku Zanga Zisanu ndi Ziwiri

Anandilanda nkhuku zisanu ndi ziwiri, mathadzi asanu ndi limodzi ndi tambala, ndipo wondilandayo anali bambo anga ondibala.

Ndinali mu Sitandade 7 pamene likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Bambo anali ndi kalesitilanti kuseri kwa msika wa ku Old Town, ka matebulo anayi ndi denga la malata akale lodontha pakona. Fungo lake ndimalimvabe: utsi wa nkhuni zonyowa, anyezi wopserera m'mafuta, tiyi wamkaka, ndi matope a Disembala omwe anthu ankalowa nawo kunsapato. Chaka chimenecho tinapeza makasitomala achilendo, makalaliki a boma, ambiri ochokera kumpoto, ovala mataye. Maofesi awo ku Capital Hill anali asanathe kumangidwa, tsono anawaunjika kaye m'nyumba zakale za boma m'tauni momwemo, ndipo masana aliwonse ankabwera kudzadya mpunga wa nyama. Ankapemphera asanadye, ankalipira osanyinyirika. Bambo anayamba kuyenda ngati munthu wolemera.

Nkhukuzo sizinali za lesitilanti, zinali zanga. Ndinayamba ndi kamsoti kamodzi komwe amalume anandipatsa kwathu ku Mitundu. Khola ndinamanga ndekha ndi timatabwa ndi waya zotola pomwe amisiri ankamanga nyumba. Anzanga akamathamangitsana ndi mpira wachikulunga, ine ndinali pachulu kukumba chiswe, kapena kuchigayo kupempha gaga, kapena kuseri kwa khitchini kukokota makombo a m'mbale. Mvula yoyamba ikagwa ndinkatola ngumbi, zina ndidye ine, zina zidye izo. Kabawi anandiba anapiye, chitopa chinapha zina, zotsalazo zinali zimenezi. Ndipo pangano linalipo, lochoka pakamwa pa bambo pomwe: fizi, yunifolomu ndi makope a mu Januwale zidzachokera m'kholamo, poti ndalama za lesitilanti zinkathera pa lendi ndi nyama.

Khirisimasi itayandikira, lesitilanti yaikulu ya tsidya la msewu inayamba kugawira makasitomala ake makalendala. Bambo mtima sunakhale m'malo, chifukwa mphekesera inali itamveka kale kuti maofesi asamuka chaka chikangoyamba. Anaganiza monga aganizira munthu wokulira kumudzi: mlendo wolemekezeka umamuonetsa nkhuku yamoyo, ndipo amene walandira nkhuku yako sangadutse pakhomo pako osalonjera. Ndikuchokera kumpopi ndi ndowa pamutu, ndinapeza nkhuku zanga zonse zili gone pansi pa tebulo, miyendo yomangidwa ndi luzi.

"Ababa, si za fizi zija izi?"

"Kalendala imatha ndi chaka, iwe. Nkhuku imaswa. Kupatsa n'kuika. Anthu awa azidya muno mpaka iwe udzafike ku sekondale."

"Nanga Januwale?"

"Tatenga beseni, alendo asambe m'manja."

Anandituma ine ndemwe kuti ndizipereke, imodziimodzi, ndi manja awiri, nditagwada. Thadzi langa lamawanga, lomwe linkadya m'manja mwanga, linapita kwa a Msiska, mkulu wa makalalikiwo. Analigwirira kutali kuti lisawadetsere jekete, nati, "Yewo chomene, bambo, koma mwadzivutiranji?" Onse anaseka, ena anaomba m'manja. Panalibe amene anafunsa kuti woweta ndi ndani.

Mu Januwale maofesi anasamukadi. Kuchoka ku Capital Hill kudzafika ku Old Town ndi mtunda woti munthu wa ola limodzi la nkhomaliro sangauyerekeze, ngakhale mutamupatsa ng'ombe. Zimenezi mwana aliyense wa mumsika ankazidziwa. Bambo anapitiriza kuphika mpunga wochuluka ngati kale, n'kumaima pakhomo ndi epuloni yochapa, maso kumsewu. Mpunga unkasasa m'poto, ntchentche zinkadya bwino kuposa ife. Kusukulu anandibweza kuti ndikatenge fizi, anandibwezanso, kenako sindinawavutitsenso.

Loweruka lina ndinanyamuka wapansi kupita ku Area 14, ndikufunsa anyamata osamalira maluwa kuti a Msiska amakhala pati. Misewu inali yatsopano, nyumba zikununkhabe penti, mipanda ya mitengo isanakule n'komwe. Ndinaliona ndisanafike pageti. Thadzi langa linali kupalasa m'kapinga, anapiye akulitsata pambuyo. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo anasiya kulimira maluwa.

"Ukufuna ndani, mphwanga?"

"Nkhuku iyo ndi yanga."

"Pano palibe chako. Ine ndemwe, khasu ndagwirali ndi la abwana."

A Msiska anatuluka atavala kabudula, ndipo anandizindikira. Sanali munthu woipa, ndicho chimandipweteka kwambiri. "Mwana wa ku lesitilanti uja! Bambo ali bwanji? Ukawauze kuti nkhuku yawo yaswa. Tidzabwera tsiku lina, kungoti kwatalika." Mawu ndinali nditawakonza njira yonse. Koma mphatso saitanitsa. Ndikanati nditsegule pakamwa, ndikanavula bambo anga pamaso pa mlendo wawo, ndipo anandilera moti zimenezo sindingathe. Ndinangoti ali bwino. Akazi awo a Msiska anandipatsa buledi wopaka majarini, ndipo ndinadya, chifukwa njala inali itandigwira. Pobwerera mvula inandipeza pa mlatho wa Lilongwe.

Chimanga chisanaume m'minda, lesitilanti inatsekedwa. Mwini nyumba anatenga matebulo, bambo ndi amayi anabwerera ku Mitundu kukalima fodya. Ine ndinatsala. Ndimasenza matumba a eni mumsika womwewo, ndipo amene ndinkakhala nawo benchi imodzi m'kalasi ena amandidutsa atavala mataye. Musandiuze kuti Mulungu ali ndi nthawi yake, ndamva zimenezo mokwanira. Chimene nyengo ija inandiphunzitsa n'chakuti mumzinda munthu amadya pafupi ndi ofesi yake, basi. Mwambi wa kupatsa n'kuika unapangidwira anthu okhala moyandikana mpaka kumanda, osati anthu oti kalata imodzi ya boma iwanyamula onse tsiku limodzi.

Bambo sanayambe atchulapo nkhani ya khola lija, ngakhale kamodzi. Ndikapita kumudzi amathamangitsa nkhuku okha, ngakhale akalamba, n'kubwera kudzandionetsa yamoyo ngati ndine mlendo wochokera kutali, maso awo ali pansi. Ndimadziwa chimene akufuna kunena. Ndimadya, ndimathokoza, koma imeneyo sindiichotsera pa ngongole yawo. Anapiye sindiwerengera, zaka za sukulu sindingazitchule mtengo. Ngongole ikadali pomwe inali: mathadzi asanu ndi limodzi ndi tambala.