Nkhosa Yofiirira Itatupa Mimba

Mvula yoyamba ikagwa kwathu kufupi ndi Edingeni, khola linkanunkha ubweya wonyowa ndi ndowe zofunda, ndipo fungolo linkatikakamira m'zovala mpaka kutchalitchi. Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu Sitandade 3. Bambo anali ku Joni. Anatisiyira nkhosa zochepa zimene abale awo ankazitcha za pabanja, ngakhale ozisamala tinali ine ndi amayi. Amayi anali a ku Kasungu, ndipo pamudzipo ankawaonabe ngati mlendo.

Imene ndinkaikonda inali yaikazi yofiirira, ya mchira wonona wolendewera ngati thumba, ndipo inali ndi bere. Kumwamba kutsogolo inalibe mano, koma nkhama yolimba imene inkapanira udzu n'kuukadzula. Masana inkagona pamthunzi n'kumabzikula, chibwano chikuyenda cham'mbali.

Msipu utaphuka, nkhosa zimene zinakhala miyezi zikudya mapesi ouma zinaugwera mwadyera, mame asanaume. Tsiku lina masana ndinapeza yofiirira ija itaima payokha, itatangadza miyendo. Mbali yake ya kumanzere inali itatupa kupitirira msana. Nditagogoda ndi chala panalira ngati ng'oma. Inkapuma mobanika, lilime lili kunja.

Amayi anaimwetsa mafuta ophikira, anaiyendetsa, anaisisita, koma mimba inkangokulirakulira. Kenako inagwada n'kugwa. Amayi atatuluka m'nyumba ndi mpeni, anapeza atate aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, ataima pakhomo pa khola.

"Yayi mulamu, isiyeni," anatero atate aang'ono. "Mukaibaya n'kufa, mbwenu mudzayankha nokha kwa mwini wake."

"Nanga ikafa tikuyang'ana, alamu?"

"Imeneyo ndi imfa yake. Palibe adzakuneneni."

Amayi anatembenukira kwa ine. Kenako anandituma kukathyola bango louma pa mpanda wa bafa. Nditabwera anandiuza kuti ndigwire mutu. Diso la nkhosayo, la kamzere kakuda kopingasa, linali pafupi ndi langa, ndipo mpweya wake wotentha unkandiomba padzanja. Amayi anafufuza ndi zala pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Anali atangoonapo kamodzi zimenezi zikuchitidwa pa ng'ombe ali mtsikana. Dzanja lawo linkanjenjemera mpaka mpeni kumagunda chibangili.

Anabaya, n'kulowetsa bango. Mpweya unatuluka ukulira ngati tayala lophulika, ndi fungo la udzu wowola limene linabalalitsa amayi ena amene ankasuzumira pampanda. Mimba inaphwa pang'onopang'ono.

Koma nkhosayo sinadzuke bwino. Masiku otsatira inkangogona, osadya, ntchentche zikuzungulira bala. Amayi ankalitsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Atate aang'ono ankadutsa pakhola, kuyang'ana, n'kupitirira osapereka moni. Kuchitsime ndinamva azakhali akunena kuti mlendoyu wakhumba nyama. Kenako nkhosayo inataya bere, kamwana kopanda ubweya, ndipo amayi anakakwirira okha kuseri kwa khola.

Masana ena ndikuipirikitsira ntchentche, ndinaona kanthu kakukwera m'khosi mwake. Chibwano chinayamba kuyenda cham'mbali. Ndinathamangira kudimba ndikufuula, "Amayi, ikubzikula!" Amayi anaponya khasu, anakhala pamzere n'kubisa nkhope m'chitenje.

Bambo ataimba foni, abale awo anayamba kuwauza za kamwana kanafa kaja, osati za nkhosa imene inapulumuka. Sindinamve zimene anayankha. Ndikungodziwa kuti amayi sanachoke, ndipo yofiirira inaswanso chaka chotsatira.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti dzanja la amayi linkanjenjemera chifukwa choopa magazi. Ndazindikira nditakwatiwa kutali ndi kwathu kuti akanangopinda manja, nkhosa ikanafa iwo alibe mlandu. Ndi mpeni uja ankaika pachiswe malo awo pamudzi umene unali usanawalandire, ndipo iwo ankadziwa.