Botolo la Masamba a Mapeyala

Alamu anga, a Esinta, atasiya kuimba pothyola tiyi, kudya kukuwakanika, tulo osabwera, ine ndinagamula msanga kuti magazi achepa. Kwathu ku Nchilamwela amandidziwa, sindiphonya matenda. Masabata atatu ndinawamwetsa madzi a masamba a mapeyala, n'kumawakalipira akasiyako m'kapu.

Kuchipatala cha pa esiteti magazi anapezeka okwanira. Adokotala anangowafunsa modekha, "Mayi, chimakusangalatsani n'chiyani masiku ano?"

"Palibe. Ngakhale moyowu wanditopetsa."

Adokotala anati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Ine katswirine, masabata onsewo funso limenelo sindinawafunsepo.

Kenako adokotala anatembenukira kwa ine. "Kunyumba mwawapatsako chiyani?"

"Palibe, adokotala," ndinatero, ndikupanikiza chikwama m'khwapa kuti botolo langa lisaoneke.