Waya wa M'kabokosi Kuseri kwa Chitseko

Magetsi anafika m'nyumba za makalaliki ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, m'nthawi ya Chitaganya. Ine ndinali kalaliki pa boma. Nyumba yathu anaiikira mababu ndi pobayira simbi. Kuseri kwa chitseko kunali kabokosi, ndipo m'kati mwake munali fyuzi, kawaya koonda ngati ulusi. Ntchito yake ndi kuduka pakakhala vuto, kuti magetsi asapitirire. Izi ndinaphunzira ku sekondale, ndipo sindinkaganiza kuti munthu angakangane nazo.

Mkazi wanga anasiya simbi yamakala, nayamba kusita ndi yamagetsi imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Chingwe chake chinali chokutidwa ndi nsalu, ndipo pafupi ndi chogwirira nsaluyo inali itaperepeseka. Akangosita pang'ono, fyuzi inkaduka. Ndinamuuza kuti aisiye kaye simbiyo mpaka ndipeze chingwe china. M'sitolo anati mulibe, chichokera ku Lusaka.

Masiku omwewo kunabwera mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Ankachokera kumigodi ya mkuwa, ndipo anaima kwathu asanapitirire kumudzi ku Chiparamba. Anatsegula kabokosi kaja, anzanga a nyumba zoyandikana ali pomwepo.

"Alamu, simukuona?" anatero. "Uyu ndi waya wa anthu akuda. Nyama azungu amatigulitsa pawindo, mafupa okhaokha. Ndiye waya angatipatse wabwino?"

"Ngakhale m'nyumba za azungu ndi woonda chomwechi," ndinayankha. "Anaupanga kuti uziduka."

"Munalowamo m'nyumba zawozo, kapena munathera kukhitchini?"

Anzanga aja anaseka. Wina anati kalaliki ndi kalaliki, amaikira kumbuyo Chitaganya mpaka pa waya. Ndinafotokozanso, koma mawu anga ankamveka ngati a ku ofesi. Za nyama mlamuyo sananame, ndipo n'chifukwa chake zinali zovuta kumutsutsa pa zinazo. Ndinangomupempha kuti asakhudze kabokosiko, popeza wogwira simbi ndi mlongo wake.

Loweruka tinkaweruka masana. Nditafika pakhomo ndinamva fungo la mphira wopserera. Mkazi wanga anali akusita zovala za kutchalitchi.

"Bambo, lero sizikuzima ayi," anatero mosangalala. "Achimwene akonza."

Mlamu anali atachotsa kawaya kaja, n'kupotokolapo waya wamkuwa wonenepa umene anabwera nawo. "Mkuwa timakumba ndife," anatero ali pakhonde. "Tisowe waya?"

Nthawi yomweyo chingwe cha simbi chinathetheka. Moto unabuka pafupi ndi chogwirira, n'kumugwira mkazi wanga padzanja. Anakuwa, nsalu ya patebulo inayamba kuyaka. Mlamu anathamanga ndi ndowa ya madzi. Ndinamukankha ndi phewa, n'kutsitsa swichi yaikulu ya pakabokosi. Madzi aja anakhutukira pansi magetsi atazima kale. Akanathira poyamba, sindidziwa akanatsala ndani m'chipindamo.

Anthu anadzaza pakhomo. Wina anati mkazi wanga timumwetse mkaka kuti magetsi atuluke m'thupi. Wina anati timukwirire dzanja m'dothi. Ndinamukweza panjinga kupita naye kuchipatala.

Bala linapola, koma zala zake zina sizinapindikenso bwino. Kusenda mtedza, kumene ankachita osayang'ana n'komwe, kunasanduka ntchito yomutopetsa. Anatulutsa simbi yamakala ija, ndipo yamagetsi sanaigwirenso. Mpaka lero babu likapsa amadikira ine.

Mlamu analira kuchipatala, misozi yeniyeni. Koma potsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwaona alamu? Ngakhale zingwe amatigulitsa zowola." Ndinamuperekeza kukakwera lole.

Nditabwerera ndinamasula waya wamkuwa uja n'kubwezeretsa woonda. Ndisanatseke kabokosi, mnzanga wa nyumba yoyandikana anasuzumira pakhomo. Anali m'gulu la amene anaona dzanja la mkazi wanga tsiku lija.

"Akulu, ngati simuugwiritsa ntchito wonenepawo, ndipatseniko. Kwathu fyuzi ikuvuta."

Ndinamuuza kuti abweretse simbi yake ndiione. Anati simbi ilibe vuto, vuto ndi waya. Atachoka ndinapita kuseri, n'kuuponya waya uja m'chimbudzi.