Lenifa ndi mitengo yofika m'mawondo

Lenifa ndi mdzukulu wanga, mwana woyamba wa mwana wanga Greyson. Anakulira kuno ku America, ku Hyattsville, m'nyumba yosanja momwe ngakhale mpiru tinkadzala m'chitini. Komatu ndi yemweyo amene anaphunzira za nkhalango mpaka ku yunivesite, ndipo wonena kuti imeneyo si ntchito ya mkazi abwere adzandiuze pamaso.

Akuntchito kwake anamutuma ku Alaska, kumtunda kwenikweni, komwe nkhalango imathera chifukwa cha kuzizira. Kumeneko amadzala mitengo yachilendo, ya ku Siberia ndi ku Norway, kuti aone ngati ingapirire. Galimoto sifikako. Ndege yaing'ono imangowatula n'kubwerera.

Pochoka analonjeza Chewe, bwenzi lake la ku Falls Church, kuti kuyesako kukatha abwera adzamange ukwati. Ankhoswe anali atakumana kale.

Lenifa ataimba foni koyamba ndinamulangiza kuti azithira phulusa patsinde, kuopa chiswe.

"Agogo, kuno kulibe chiswe," anaseka. "Chikanauma gwa ngati mwala."

"Nanga mdani wake ndani?"

"Mphepo. Nsonga ikangotulukira pamwamba pa chipale, imapserera."

Ndiye nkhaniyo ndinapita nayo kutchalitchi. Amayi a Mvano tinagwada, kuitchula mitengoyo ndi mayina ake opinda lilime aja, kuti isafe.

Siinafe. Inakula mpaka m'mawondo.

"Agogo, yapulumuka," anatero Lenifa, koma mawu ake analibe chimwemwe.

"Aleluya! Ndiye ukubwera liti?"

"Ikanafa, bwenzi atatseka ntchito, ine n'kubwera. Tsopano akuti tidikire ibereke, tione ngati njere zake sizilanda malo a mitengo ya konkuno."

"Imabereka liti?"

"Kuno mtengo suthamanga. Mwina ndidzakhala nditamera imvi."

"Iwe, akuntchitowo apeze wina woiyang'anira!"

"Angalole ndani kukhala kuno? Ndikachoka, aizula yonse. Ndinaidzala ndi zala zangazi, agogo."

Chewe anadikirabe mpaka chisanu china chinadutsa. Mwezi wathawu amalume ake anafika kwa Greyson atavala jekete, kudzanena kuti mnyamata watopa. Ine sindinawaphikire ngakhale tiyi.

Greyson anaopa kumuuza mwana, ndiye ndinamuuza ndekha. Lenifa anangoti wamva. Kenako anapepesa kuti adule foni, poti kunkabwera chimphepo ndipo mbande zina anali asanazimangirire.