Mphindi Ziwiri Zimene a Lumo Anadula

Pawayilesi paja aliyense ankawatchula kuti a Lumo, ngakhale lumo lenilenilo analisiya kalekale, matepi atatha n'kubwera makompyuta. Ntchito yawo inali yodula mawu. Owulutsa akajambula pulogalamu ankaipereka kwa mayiwa, ndipo iwo ankadzitsekera m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde, n'kuvala mahedifoni, n'kuyamba kuchotsa zinyalala. Zinyalala zake zinali ma "eee", ma "ndithudi", ma "titero kunena kwake", ndi "omvera athu okondedwa" wobwera kasanu pa mphindi imodzi ngati omverawo akufuna kuthawa.

Mayiwa sankapsatira mawu. Mtsikana wa pulogalamu ya achinyamata anamuuza maso ndi maso kuti "mwachidziwikire" wakeyo wafika pokwana, chifukwa zonse zikanakhala zodziwikiratu sibwenzi anthu akutsegula wayilesi. Wa zamasewera, amene funso lake lililonse linkathera pa "mungatiuze zotani pamenepo", ankachita kuwazemba pakhonde. Onsewo ankawajeda, koma akadzimva pawayilesi akuyankhula mosadodoma ankayenda mapewa m'mwamba ngati luso ndi lawo. Matendawa a Lumo ankapita nawo ndi kunyumba komwe. Mng'ono wawo, amene ankakhala naye, ankadandaula kuti ngakhale kutchalitchi mlaliki akabwereza mawu, chala cha mkulu wake chimadina pabondo.

Koma mtanda wawo weniweni anali bambo wina wachikulire wa pulogalamu ya mabanja ya Lamlungu masana, amene anzake anam'patsa dzina loti a Kwenikweni. Bambowa asanayambe chiganizo ankakoka mpweya, kukhosomola pang'ono, kenako "kwenikweni". Akafika pa nkhani yolemera ankawonjezera "eee, tinene kuti". Pulogalamu ya theka la ola ankaijambula mphindi makumi anayi, ndipo khumi zotsalazo zinali za a Lumo. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri awiriwa ankakangana Lachinayi lililonse. A Lumo ankawopseza kuti tsiku lina adzazisiya zonse dziko limve, ndipo bambowo ankangoseka n'kuyankha kuti akasiya "kwenikweni" mayiwo adzasowa chochita. Ankakondana monga amakondanirana anthu amene atopetsana nthawi yaitali.

Chaka china jekete ya a Kwenikweni inayamba kukhwepa m'mapewa. Masitepe ankakwera mopumira. Lachinayi lina m'mawa, atamaliza kujambula, anagogoda pagalasi la situdiyo, kuseri kwake kuli a Lumo, amene tsikulo ndiwo ankawajambula.

"Musazimitse, amayi. Iyi si ya wayilesi, ndi ya akunyumba. Mudzawapatse ine ndikapita."

Anayankhula mphindi zisanu ndi imodzi. Masana ake a Lumo sanapite kukadya. Anamvetsera uthengawo misozi ili mbwembwembwe, ndipo anaganiza kuti mkazi wa mnzawo ayenera kulandira ntchito yabwino koposa zonse zimene manja awo anagwirapo. Anadula mosamala kukhosomola konse, mpweya wonse, "kwenikweni" aliyense, ndi malo onse amene mawu anaima. Zinatsala mphindi zinayi zosalala bwino. Kenako anasunga zoyerazo pamwamba pa zoyambazo, monga ankachitira ndi pulogalamu iliyonse, poti kompyuta yawo inali yakale ndipo sinkachedwa kudzaza. Patatha milungu itatu bambowo anamwalira.

Anthu atabalalika pamaliro ndipo nyumba itayamba kuzizira, a Lumo anakwera minibasi Loweruka masana uthenga uli m'foni. Anapeza mayi amasiyewo ali okha pabalaza. Nsapato za malemu zinali zikadali pafupi ndi chitseko, magalasi awo ali pamwamba pa nyuzipepala yopinda. A Lumo anafotokoza chimene abwerera, anaika foni patebulo, n'kuyatsa.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Sanalire.

"Zikomo, achemwali. Mawuwo ndi abwino kwambiri," anatero. "Koma amenewo ndi bambo a pawayilesi. Amuna anga sankayankhula choncho."

Anafotokoza modekha kuti tsiku limene malemu anawafunsira, anachulutsa "kwenikweni" mpaka iwo anangovomera funso lisanafike. Zaka zonse za banja lawo, akamva kakhosomolo kaja ankadziwiratu ngati ikubwerayo ndi nkhani yabwino kapena yoipa. Anaulula kuti pulogalamu ya Lamlungu ankaimvera mongolemekeza, chifukwa munthu wa m'menemo ankamveka ngati mlendo, ndipo sankadziwa chifukwa chake.

Mwamanyazi ndi chisoni, a Lumo anaulula zonse, kuti ndi iwo anadula, kuti anachita mwa chikondi, ndi kuti zoyambazo kulibenso, sizingabwerere. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanawapepukira. Koma mayiwo anangodzuka, kupita kukhitchini, n'kubwera ndi tiyi. Anawathirira, n'kuwasendezera shuga, n'kunena kuti palibe mlandu. Kukoma mtima kumeneko n'kumene kunawapweteka kwambiri.

Tiyi anazirala m'kapu. A Lumo ankayang'ana foni ija, ndipo anazindikira kuti pa malo aliwonse amene mawu analumikizana, makutu awo ankamvabe chimene chinalipo. Munthu sungadule mawu a mnzako zaka makumi awiri ndi ziwiri osawaloweza. Anapempha kuti ayatsenso. Mawu a malemu atangoti "Amayi a ana anga", a Lumo anaimitsa foni. Anakhosomola pang'ono, natsitsa mawu awo mmene akanathera.

"Kwenikweni."

Mayi amasiye anagwira pakamwa. Phwete linawapulumuka, misozi n'kutsatira pambuyo.

"Ayi, achemwali, mwafulumira. Ankayamba akoka mpweya, ndiye kukhosomola."

A Lumo anabwereza, ndipo ulendo uno anakhoza. Anapitiriza choncho, kuyatsa, kuimitsa, kubwezeretsa. Mayi amene anathera moyo wawo akudana ndi mawu amenewo anawatchula masana amenewo kokwana makumi awiri ndi kasanu, aliyense pa malo ake. Pamene malemu ankapepesa za kuuma mutu kwawo pa nkhani yopita kuchipatala, a Lumo anaikapo "eee, tinene kuti" awiri motsatizana, ndipo mkazi wawo anagwedeza mutu n'kunena kuti amenewo ndiye eni ake, kupepesa kunkawavuta kuyambira kale. Anasendeza mpando wawo kufupi, mpaka mawondo a azimayi awiriwo anagundana.

Cha kumapeto, malemu ananena kuti, "Mwandisunga bwino." A Lumo anaimitsa foni, koma sanatulutse mawu. Mayiwo anadikira, kenako anawayang'ana.

"Nanga apa anati chiyani?"

"Apa sananene kanthu, amayi. Anavula magalasi, analira. Panapita nthawi ndithu. Ndinadula poganiza kuti ndi malo opanda kanthu."

Chala chawo chinasendera kufoni kuti ayatse, koma mayiwo anawagwira dzanja.

"Musayatse msanga. Nthawi yakeyo mukuidziwa ndinu. Ikakwana mundiuze."

A Lumo anabweza dzanja. Anakhala chete onse awiri, ndipo nthawi ija itakwana, a Lumo sanawauze.