Nyengo Imene Ndinatseka Pakamwa

Belu la pasukulu pathu, kufupi ndi Sinda, linali khasu lothyoka la pulawo, lolendewera pawaya kuseri kwa ofesi. Woliza ndinali ine. Ukalimenya ndi bawuti, dzanja linkachita dzanzi mpaka m'chigongono.

Ntchitoyo aphunzitsi athu anandipatsa dala. Kumpingo kwathu sitinkaimba nyimbo ya fuko, mbendera sitinkaichitira sawatcha. Amayi ankati ulemu wotere ndi wa Mulungu yekha. Aphunzitsi ankadziwa. Anati, "Iwe, ukaliza uzikhala komweko mpaka amalize. Ine sindinakuone." Ndiye anzanga akamaimba pamzere, ine ndinkaima kuseriko, nyenje zikulira m'mitengo, fumbi likuotcha kumapazi. Palibe anavulala nazo.

Mvula ili pafupi, amalume anabwera panjinga kuchokera ku Katete. Anali atamva pawailesi ya m'sitolo kuti khoti lalikulu ku Lusaka lagamula mlandu wa mwana wina wa mpingo wathu, wochotsedwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko. Woweruza anavomera kuti lamulo lokakamiza kuimbalo likumupinga mwanayo pa chipembedzo chake. Kenako anati lamulolo likhale momwemo. Amalume anabwereza kawiri.

Lolemba belu analiza wina. Ahedi anandiimika kutsogolo kwa mzere. Nyimbo itayamba anawerama, kubweretsa khutu pakamwa panga. Ankanunkha fodya. Aphunzitsi anadutsa kumbuyo kwanga n'kunong'ona, "Ingogwedeza milomo, mwana iwe." Sindinagwedeze. Ndinaima chilili, manja m'mbali. Sindinatukwane munthu, sindinaseke. Nyimbo itatha, ahedi anati ndisiye mabuku ndizipita, ndidzabwere ndikadzapeza mawu.

Ndinali m'kalasi yachisanu. Sukulu yanga inathera pomwepo.

Zimandiwawabe. Dziko linali litangolandira ufulu, paliponse akulu akufuula za ufulu. Boma lathunthu, la asilikali ndi mfuti, n'kuopa mwana wopanda nsapato amene wangokhala chete? Woweruza uja anaona chilungamo ndi maso ake, anachitchula, n'kuchilambalala. Ana ake sanalime thonje ngati ine.

Koma tsikulo ndinathamanga wokondwa. Masuku anali atapsa, ndipo ndinkayesa kuti akuluakulu akapsa mtima amaiwala msanga. Ndinawauza amayi monyadira kuti sindinaimbe. Anati ndachita bwino. Chinandizunguza mutu n'chakuti atatero anatenga yunifolomu yanga, anaichapa, anaipinda, n'kuipereka kwa mwana wa pakhomo lina, akulira.