Besi ya Amuna Anga

Amuna anga ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Mkaika. Atamwalira, mayi wina wa m'kwayamo ananditumizira pafoni nyimbo imene anajambula pa ukwati wina, n'kundiuza kuti malemuwo alimo. Ndinaitsegula ndili pakhonde. Ndinamva amayi a m'kwaya, ndinamva mwana akulira kumbuyo, ngakhale tambala wa kwa abusa ndinamumva. Amuna anga ndiye ayi. Ndinakwiyira aliyense: wojambulayo, foniyo, ndi malemu omwe, kuti munthu wa mawu ogwedeza benchi angasowe bwanji m'nyimbo yake yomwe. Koma kunena zoona, anali mantha. Nkhope yawo ndinali nayo pa zithunzi, pamene mawu awo anali atayamba kundithawa m'mutu, ndipo ndinalibe kwina kokawapeza.

Mng'ono wawo wa malemuwo ali ndi kashedi kuseri kwa msika ku Katete, komwe amakhoma masipika a m'maukwati ndi m'mabala. Ntchito yawoyo sindinkaiwerengera, ndinkangoti ndi ya anthu ogonthetsa anzawo m'makutu. Tsiku lina nditapita kukagula mbewu, ndinawadandaulira.

"Alamu, foni siitulutsa besi," anatero akuseka. "Kasipika kake ni kang'ono monga batani. Akulu alimo umo, manje afunika nyumba ikulu. Nipatseni wiki."

Wikiyo inatalika monga amatalikira mawiki a amisiri onse. Kenako anatulukira pa njinga yamoto atamangirira bokosi la mapulanga lofika m'chiuno, sipika yakuda pakati, bowo lozungulira m'munsi mwake. Analumikiza ku batire ya sola ndi ku foni yanga. Amayi atayamba kuimba zinali bwino ndithu. Pofika polowa abambo, bokosi lonse linangoti brrrr, ngati lata lomasuka pa mphepo, mbale za pashelefu n'kuyankha. Pansi pa phokosolo ndinkamva kuti pali anthu, koma osazindikira ndi mmodzi yemwe.

"Ndiye zimenezi mwandidikiritsira nthawi yonseyi, alamu?"

Anapempha chimanga chodzaza dzanja, n'kuchimwaza pamwamba pa bokosilo, n'kuyambitsanso nyimbo. Njere zinavina mpaka kugwera pansi, nkhuku n'kulowa m'nyumba osaodira. Kenako anayendetsa chikhatho m'mbali, m'makona ndi kumbuyo, atatsinzina. Anandiuza kuti nanenso ndigwire. Thabwa la kumbuyo linkanjenjemera mpaka kundinyerenyesa m'chigongono.

"Mwamvera? Yofunika kugwedezeka ni sipika chabe. Bokosi ikayamba kuimba nayo, iphimba woimba. Pa ukwati anthu sasamala, afuna chabe chogunda pachifuwa. Koma imwe mufuna munthu."

Bokosilo tinalitulutsira pansi pa mtengo wa mango. Anatsegula kumbuyo, n'kukhomera timatabwa topingasa m'kati, n'kupaka guluu m'malumikiziro monse. Polibwezera thabwa lija anaikapo mphira ya chubu chakale cha njinga. Titayesanso, njere zinkangotekeseka pang'ono osachoka pamalo. Kunjenjemera kunatha, koma tsopano abambo ankamveka ngati akuimbira mu mgolo. Alamu anakanda m'mutu, nati m'katimo mukufunika chofewa choti chimeze mawu obwerera, ndipo siponji anaiwala ku Katete.

"Mumaiwala chilichonse kupatula njala," ndinatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinali ndi thumba la thonje limene ogula anakana chaka chimenecho ati ndi lakuda. Tinakhala pamphasa n'kumachotsa njere zake, ine ndikuwanena, iwo akungoseka. Tinalikulunga mu neti yakale ya udzudzu n'kulikhomera m'makoma a bokosilo. Poyamba tinachulutsa, nyimbo n'kumveka ngati yafunditsidwa bulangete. Tinachotsako. Anatsegula ndi kutseka bokosilo mpaka ndinayamba kuwamvera chisoni, poti dzuwa linali litapendeka ndipo ulendo wawo unali wautali. Sanadandaule ngakhale kamodzi.

Pomaliza anagwira thabwa la kumbuyo nyimbo ili m'kati, n'kugwedeza mutu kuti eya. Anaibwezera poyambira, n'kukhala pansi chotsamira mtengo.

Amayi anaimba ndime yawo. Ndiye abambo asanalowe, pakadali kampata kopumira, mawu amodzi akuya analowa okha, osadikira anzawo, enawo n'kuwathamangira pambuyo.

Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha. Anali iwowo. Zaka zonse wotsogolera kwaya ankawadzudzula chifukwa cha kufulumira kumeneku, ndipo ine ndinkachita nako manyazi, n'kumawerama pabenchi ya amayi. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu kuti sanasinthe, poti akanalowa pamodzi ndi anzawo sindikanawapatula m'gulumo.

Ndinatembenuka kuti ndithokoze alamu, ndinene kuti andibwezera chinthu chimene ndinkayesa chapita. Ndinawapeza ataphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Nthawi yonseyi ndinkangoti amuna anga, amuna anga, osakumbukira kuti iwonso anataya mkulu wawo.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Zikomo kwambiri."

Sanachotse chipewa kumaso. "Ibwezeniko, alamu," anatero. "Paja pamene alowa."